CHIGAMBA CHOSOKEDWA KU SWEDEN, CHIBOO CHILI KU MASELEMA

Munthu woyenda pa mseu waukulu wochokera ku Blantyre kunka ku Limbe sangalephere kudutsa pa Maselema. Pamalo pamenepa pali nyumba zosungiramo katundu, magalaji, malo ogulitsira galimoto, maofesi ndi positi ofesi, ndipo m'maŵa uliwonse maminibasi amatsitsapo anthu ochokera ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri, obwera kudzagwira ntchito. Ambiri mwa iwo ali ndi lamya m'thumba. Akaloŵa mu ofesi amayatsa kompyuta, ndipo pakhoma pamakhala kabokosi kothwanima timagetsi kamene kamagaŵa intaneti m'zipinda zonse. M'zipangizo zambiri za mtundu umenewu muli wantchito wina amene eni ake sanamuonepo, ngakhale dzina lake sanalimvepo. Dzina lakelo ndi curl. M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2023 kunalengezedwa kuti wantchito ameneyu anali ndi chiboo chimene mbala yochenjera ikanatha kuloŵerapo, ndipo akatswiri a makompyuta m'maiko ambiri anakhala masiku angapo ali jegwejegwe kudikira chigamba.

Kuti nkhaniyi imveke, nkofunika kuyamba ndi mmisiri womanga nyumba. Mmisiri sasula yekha misomali, sapanga yekha loko kapena mahinjesi a chitseko. Zonsezi amakagula zopangapanga kwa ena amene ntchito yao ndi yomweyo. Olemba mapulogalamu a kompyuta nawonso amachita chimodzimodzi. Munthu wolemba pulogalamu yoonetsa za nyengo, kapena yotumizira kalata, sayamba kuphunzitsa makina ake kalankhulidwe konse ka pa intaneti. Amatenga mtolo wa malangizo umene ena analemba kale, naumangirira m'kati mwa pulogalamu yake. Mtolo wotere amautcha laibulale, ngakhale mulibe buku ndi limodzi lomwe. Tsono libcurl ndi laibulale yotere, ndipo curl ndi kapulogalamu kamene kamaigwiritsa ntchito. Ntchito yao ndi ya mtengatenga: kunyamula uthenga kuchoka pa makina a munthu kupita ku makina aakulu akutali otchedwa seva, ndi kubwera nalo yankho.

Mwini wake wa ntchitoyi ndi Daniel Stenberg wa ku Sweden. Chakumapeto kwa chaka cha 1996 iye anangofuna kachipangizo komutengera mitengo yosinthira ndalama za maiko pa intaneti, ndipo anapeza kapulogalamu kakang'ono kotchedwa httpget kamene kanalembedwa ndi Rafael Sagula wa ku Brazil. Anayamba kukakonza ndi kukaonjezera, mpaka pa 20 Malichi 1998 kanatuluka ndi dzina la curl. Laibulale ya libcurl inatsatira m'chaka cha 2000. Popeza iye anaipereka kwaulere, ndiponso malangizo ake onse ali poyera kuti aliyense aŵerenge ndi kugwiritsa ntchito, makampani anaitola namaiika m'zinthu zao: m'malamya, m'galimoto, m'mawailesi akanema, m'makina osindikizira makalata, m'zoseŵeretsa ana. Kuyambira mu 2018 kampani ya Microsoft inayamba kuika curl m'kati mwa Windows. Stenberg amayerekeza kuti curl ili m'malo opitirira mabiliyoni 20, ndiye kuti oposa aŵiri pa munthu aliyense wokhala pansi pano, kuphatikizapo khanda lobadwa lero ku Gogo Chatinkha. Kwa zaka zambiri iye ankachita ntchitoyi usiku ataŵeruka ku ntchito yake ina, mothandizana ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana.

Apa mpamene pagona ubwino ndi vuto lomwe. Loko mmodzi wabwino akagulidwa ndi mudzi wonse, nyumba zonse zimatetezeka pa mtengo wochepa. Koma tsiku limene mbala idzatulukire kuti lokoyo amatseguka ndi msomali wopinda, ndiye kuti yapeza kiyi wa mudzi wonse.

Chiboo cha mu 2023 chinali pa mbali imodzi ya ntchito ya curl. Nthaŵi zina uthenga supita mwachindunji ku seva. Umadzera kwa mkhalapakati, makina ena amene amaulandira ndi kuupititsa. Makampani ena amachita zimenezi pofuna kuyang'anira zotuluka m'maofesi ao, ndipo anthu ena amatero pofuna kubisa kumene ali, monga amene amagwiritsa ntchito njira yotchedwa Tor. Chimodzi mwa zilankhulo zolankhulirana ndi mkhalapakati chimatchedwa SOCKS5. M'chilankhulo chimenechi curl ikhoza kuuza mkhalapakatiyo dzina la seva imene ikufuna, kuti iye afufuze yekha keyala yake. Koma lamulo lake nlakuti dzinalo lisapitirire zilembo 255. Dzina likatalika kuposa pamenepo, curl inalembedwa kuti isalipereke kwa mkhalapakati, koma ifufuze yokha keyalayo.

Kuchiyambi kwa chaka cha 2020 Stenberg anailembanso mbali imeneyi ndi cholinga chabwino. Kale curl ikapereka moni kwa mkhalapakati inkaima chiriri kudikira yankho, ntchito zina zonse zitaima. Iye anaikonza kuti izipita kukachita zina ndi kumabweranso kudzaona ngati yankho lafika. Cholakwa chinaloŵera pomwepo. Tiyerekeze mesenjala amene wauzidwa pakhomo kuti kalata iyi njaikulu, asaiponye m'bokosi. Akapeza kalaliki ali pomwepo, zonse zimayenda bwino. Koma akapeza kalaliki watuluka, iye napita kukachita zina, pobwerera amakhala ataiŵala chenjezo lija, nayamba kuikankhira kalatayo m'bokosi mokakamiza. Ndi mmene curl inkachitira. Mkhalapakati akachedwa kuyankha, iyo inkaiŵala kuti dzina lija nlalitali, ndipo inkayamba kulikopera lonse m'malo amene linayenera kukhala lalifupi.

Kodi dzina lalitali lingaononge chiyani? Aliyense amene analembapo fomu ku positi ofesi akudziŵa kuti dzina lili ndi timabokosi take, ndipo pansi pake pali mzere wa ndalama. Munthu wanzeru timabokosi tikamuthera amaima. Makina alibe nzeru yotero. Akauzidwa kuti alembe amangolemba, kudutsa malire, kufufuta zimene zinali pa mzere wotsatira. Malo amene libcurl inkasungiramo uthengawo kaŵirikaŵiri anali okwana zilembo pafupifupi 16,000, pamene dzina lopeka likanatha kufika zilembo 65,535. Zotsalazo zinkasefukira m'malo a zinthu zina m'chikumbumtima cha makina. Zikatero pulogalamu imagwa, ndipo mbala yodziŵa ntchito yake ikhoza kusanja zilembo zosefukirazo mwa njira yakuti makina ayambe kumvera iyo m'malo mwa mwini wake. Mbalayo sinafunikire kufika pafupi. Inangofunika kukhala ndi seva yake, ndipo curl ikafika kudzapempha kanthu, sevayo niiuza kuti zimene ukufuna zasamukira ku keyala iyi, keyalayo ili ndi dzina lotalika dala.

Cholakwachi chinatuluka ndi curl 7.69.0 mu Malichi 2020, ndipo chinakhala m'menemo masiku 1,315, kupitirira zaka zitatu ndi theka, anthu ambiri akuŵerenga malangizowo osachiona. Amene anachiona ndi Jay Satiro, mmodzi mwa anthu amene akhala akuthandiza pa curl kwa nthaŵi yaitali. Iye sanakalengeze pa msika. Loŵeruka pa 30 Seputembala 2023 anauza anzake a curl mwachinsinsi, kudzera m'njira imene inakonzedwera malipoti otere, ndipo pambuyo pake anapatsidwa mphotho ya madola 4,660 a ku America, imene inali yaikulu kuposa zonse zimene curl inali itaperekapo kufikira nthaŵiyo.

Zimene zinachitika m'masiku khumi ndi limodzi otsatira ndizo mwambo wa ntchito imeneyi, ndipo mwambowo uli ndi chifukwa chake. Chigamba chenichenicho chinali chaching'ono: mizere yoŵerengeka youza curl kuti dzina likapitirira zilembo 255 ingokana ntchitoyo ndi kunena kuti yalephera. Mau akuti chigamba sali ophiphiritsa chabe ai. Makompyuta akale ankaŵerenga malangizo pa mapepala obooledwa, ndipo munthu akalakwitsa kuboola ankamata kapepala pa chiboocho, monga amachitira telala wa pakhonde ku Ndirande pa thalauzi long'ambika. Koma chigamba cha pa pulogalamu chili ndi khalidwe limodzi loopsa: chimaloza pamene pali chiboo. Mbala ikayerekeza malangizo akale ndi atsopano imaona msanga pamene pasokedwa, ndipo imadziŵa kuti aliyense amene sanalandire chigambacho ali ndi chiboo pamalo omwewo. Nchifukwa chake pa 3 Okutobala a curl anayamba atumiza chigambacho mwachinsinsi kwa magulu amene amagaŵa Linux, kuti akonzekeretu. Kenaka Stenberg anachenjeza dziko lonse kuti Lachitatu pa 11 Okutobala kutuluka curl 8.4.0 yokonza cholakwa chachikulu, chimene mwa kuona kwake chinali choipa kuposa zonse zimene zinapezeka mu curl kwa nthaŵi yaitali, koma sananene pamene chinali. Anafupikitsa ndondomeko yao ya masiku onse kuti chigamba chituluke msanga. Tsikulo litafika, chigamba ndi kufotokoza kwake zinatuluka pamodzi, pansi pa nambala ya CVE-2023-38545, pakuti zolakwa zotere zimalembedwa m'kaundula mmodzi wa dziko lonse kuti anthu asasokoneze china ndi chinzake.

Tsiku lomwelo Stenberg analemba nkhani yofotokoza mmene iye mwini analakwitsira, osaloza chala munthu wina. Anavomerezanso kuti cholakwa cha mtundu umenewu sichikanatheka curl ikanalembedwa m'chilankhulo cha makompyuta chimene chimadziyang'anira chokha malire, m'malo mwa chilankhulo chakale cha C. Khalidwe lotere nlosoŵa, ndipo ndi gawo la chitetezo, pakuti mmisiri wobisa mng'alu ndiye amagwetsa nyumba pa anthu.

Kunena zoona, chitaululidwa chiboocho akatswiri ambiri anapuma. Kuti mbala ipindule nacho panafunika zinthu zingapo zikumane: makina akhale odzera kwa mkhalapakati wa SOCKS5, akhale opereka dzina kwa mkhalapakatiyo, mkhalapakatiyo achedwe kuyankha, ndiponso curl ikokeredwe ku seva ya mbala. Mayi wogulitsa tomato ku Bangwe amene amalandira ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money sanali pa ngozi yeniyeni ndi chiboo chimenechi. Ena anadandaula kuti anaopsezedwa pachabe. Komabe kudandaula kumeneko nkosayenera kwenikweni, chifukwa pa zinthu mabiliyoni 20, ngakhale kachigawo kochepetsetsa ndi makina ochuluka zedi, ndipo ena mwa odzera njira imeneyi ndi anthu amene ali ndi chifukwa chachikulu chobisalira.

Tsono mbali yovuta ya nkhaniyi siili ku Sweden. Chigamba chinasokedwa m'masiku oŵerengeka, koma Stenberg alibe njira yofikira pa lamya kapena pa kompyuta ya munthu aliyense. Iye amangoika curl yatsopano poyera. Kuchoka pamenepo kampani iliyonse imene inamangirira libcurl m'katundu wake iyenera kutenga yatsopanoyo, kuiyesa, ndi kuitumiza kwa ogula. Magulu akuluakulu a Linux anatero tsiku lomwelo kapena m'masiku ochepa. Microsoft inatumiza yake mu Novembala, patatha mwezi. Koma opanga tizipangizo totchipa ambiri akagulitsa agulitsa. Kabokosi ka intaneti kapena kamera ya pa geti imakhala ndi malangizo omwe inabadwa nawo mpaka tsiku lotayidwa. Ndipo ngakhale kampani itumize chigamba, chimafika pa khomo chabe. Pa lamya pamatuluka mau akuti update, ndipo wotsegula chitseko ndi mwini lamya.

Pa khomo limeneli mpamene chigamba chimaima m'makomo ambiri a ku Malaŵi, ndipo zifukwa zake si zaulesi. Chigamba chachikulu chimadya bandulo imene munthu anagula kuti alankhule ndi abale sabata yathunthu, choncho amakanikiza pakuti "nthaŵi ina", ndipo nthaŵi inayo siifika. Lamya zambiri nzodzaza kale ndi zithunzi ndi nyimbo, malo a chigamba palibe. Zina zinagulidwa zogwiritsidwa kale ntchito ku Limbe kapena zinabwera ndi mbale wochokera ku Joni, ndipo kampani imene inazipanga inaleka kalekale kuzitumizira kanthu. Magetsi akamazimazima, munthu amaopa kuyamba ntchito imene ikadukira pakati ikhoza kusiya lamya yosayaka. M'maofesi ang'onoang'ono ndi m'malo ojambulira nyimbo m'matauni muli makompyuta a Windows yokopera, amene mnyamata woikamo anatsekeratu njira ya zigamba kuti asagwidwe. Ndiponso muli makina ogwira ntchito bwino ndithu koma okalamba: Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo chisamaliro cha masiku onse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Makina otere chiboo chilichonse chopezeka kumene chimakhala chao mpaka kalekale.

Zotsatira za kuchedwa kotere dziko linaziona kale. Mu Malichi 2017 Microsoft inatulutsa chigamba cha chiboo china cha mu Windows. Patapita miyezi iŵiri, mu Meyi, pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inadzera pa chiboo chomwecho niifalikira m'maiko oposa 150, ikutseka mafayilo a anthu ndi kufuna dipo. Ku Britain zipatala za boma zinabweza odwala, ndipo maulendo okaonana ndi dokotala pafupifupi 19,000 analephereka. Mankhwala analipo kwa miyezi iŵiri. Odwalawo anavutika chifukwa makina ambiri anali asanamwetsedwe. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe, ndipo a Malaŵi analaŵako kuŵaŵa kwa makina otsekeka kuchiyambi kwa 2024, pamene ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo. Pa 21 Febuluwale chaka chimenecho mtsogoleri wa dziko pa nthaŵiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makinawo analoŵeredwa ndi anthu ofuna dipo, ndi kuti boma silipereka. Nkhani imeneyo njosiyana ndi ya curl, koma amene anali ndi ulendo wa ku sukulu, wa ku chipatala kapena wa ku ntchito kunja anaphunzira kuti kompyuta ikatsekeka mu ofesi imodzi, mavuto amafika m'nyumba za anthu amene sanaikhudzepo.

Malamulo a dziko lino anaikapo mlonda. Lamulo la mu 2016 loona za malonda a pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti linakhazikitsa gulu lotchedwa Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kuchenjeza za ziboo zotere ndi kuthandiza pamene zaloŵeredwa. Koma mlonda wa pa chipata cha mudzi sangatseke zenera la nyumba iliyonse. Mu ofesi ya ku Maselema funso loyamba nlosavuta, ngakhale maofesi ambiri sangaliyankhe: kodi muno muli makina angati, ndipo m'kati mwao muli chiyani? Mu Okutobala 2023 makampani aakulu a kunja anataya masiku akufufuza pamene libcurl inabisala m'katundu wao, chifukwa panalibe amene analemba mndandanda. Bwana amene amadziŵa chiŵerengero cha matayala a m'sitolo yake ayeneranso kudziŵa kuti kabokosi ka pakhoma kaja kanalandira chigamba liti, ndiponso dzina la munthu amene ntchito imeneyo ndi yake. Ikakhala ya aliyense, siichitika.

Pali chenjezo lina kwa achangu. Kuchiyambi kwa 2023, mapulogalamu ofufuza ziboo atayamba kuloza curl ya mu Windows pa cholakwa china, anthu ena anaifufuta kapena kuisintha ndi manja ao, ndipo anadzapeza kuti Windows yao yaleka kulandira zigamba zonse. Stenberg anachita kuwapempha kuti aleke. Chigamba chiyenera kuchokera kwa amene anapanga chinthucho, kudzera m'njira yake. Mfundo yomweyi imateteza mwini lamya kwa akathyali. Uthenga wobwera pa WhatsApp kapena pa SMS wonena kuti lamya ili pa ngozi, munthu atsegule keyala yakutiyakuti kapena atumize nambala yake yachinsinsi kuti aikonze, si chigamba. Ndi mbala yovala yunifolomu ya mlonda. Chigamba choona sichifunsa PIN ya munthu, ndipo chimapezeka m'kati mwa lamya momwemo, pa malo a Settings, kapena ku Play Store kumene mapulogalamu amachokera.

Pa lamya za Android pali mzere wina umene anthu ochepa amauyang'ana. Kuyambira mu 2015 kampani ya Google imatulutsa zigamba za chitetezo kaŵirikaŵiri, ndipo lamya iliyonse imasonyeza deti la chigamba chomaliza chimene inalandira, pa malo ofotokoza za lamyayo m'kati mwa Settings. Deti limenelo likakhala la miyezi yochepa yapitayo, ndiye kuti wopanga akuikumbukirabe. Likakhala la zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, lamyayo ikhoza kuimbabe bwino ndi kujambula zithunzi zokongola, koma njosayenera kusungiramo zinsinsi za ku banki kapena za ntchito. Wogula lamya yakale pa msika wa Limbe amayang'ana galasi ngati lili ndi mng'alu, amayesa batire, amaimbira mnzake kuti amve sipika. Kuyang'ana deti limeneli kumatenga mphindi imodzi, wogulitsa asanalandire ndalama. Ndipo wogwira ntchito ku Maselema amene bwana wake amalola antchito kulumikiza lamya ku intaneti ya mu ofesi akhoza kulandirira chigamba pomwepo pa nthaŵi ya nkhomaliro, lamya ili pa chaja, bandulo yake osaikhudza.